Che Bakali ndi Buku la Chibunu

Kuno ku Njuli mkamwini ali ngati mbuzi yobwereka: msipu imadya wa pano, koma aliyense amadziwa kumene kuli khola lake. Che Bakali anabwera kudzakwatira Abiti Salimu azungu akadalamulira, nakhala pamudzi wa akazi awowo mpaka imvi zinatulukira m'makutu. Kwawo kunali ku Milepa. Zaka zonsezo, mlendo akawafunsa kumene amakhala, ankayankha kuti, "Ndikugona ku Njuli," ngati munthu amene basi yangomusiya panjira.

Anali bambo wamtali, woonda, wa kofiya yoyera imene inkachapidwa kawirikawiri kuposa malaya. Ku Joni anapitako kawiri pa Wenela. Anzawo ankabwerako ndi njinga, ena makina osokera. Iwo anabwerako ndi bokosi lachitsulo, wailesi imene inasiya kulankhula itangoona phiri la Chiradzulu, ndi chifuwa chouma chimene sichinawasiye. Atakhazikika anayamba kukhoma ndowa ndi mbaula pamsika. Ndowa zawo sizinkadontha, zimenezo ndiwachitire umboni, ngakhale zigwiriro zake zinkaluma zala.

Pansi pa bokosi lija panali buku. Analitola kumgodi, pamene mkazi wa kapitao wachizungu ankataya zinthu za ana ake. Linali la masamba okhuthala ngati katoni ya sopo, lodzaza zithunzi za pafamu: ng'ombe zonenepa, tambala, mzungu wa chipewa chachikulu. Mawu ake anali a Chibunu. Aphunzitsi ena atalionetsedwa analitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti, "Ichi si Chizungu ayi, ndi chikhosomo cholembedwa." Bukulo linagona m'bokosi zaka zambiri osalakwira munthu.

Abiti Salimu anamwalira m'nyengo yozizira ya 1989. Anasiya mwana mmodzi pamudzi, Zuwena, amene ankalawirira ku Limbe kukagulitsa tomato ndi nandolo. Zuwena naye anali ndi mwana wamkazi, Shamsa, wongoyamba kumene kulumikiza mawu. Kamwanako kanakulira kumsana kwa malemuwo. Agogo ake ataikidwa, kanayamba kulira, ndipo sikunali kulira kwa ana kumene kumatha ukawaonetsa nthochi. Kankalira mpaka amayi obwera pamaliro ankasiya kulira kwawo n'kumamvetsera kwake.

Ndiye Che Bakali anatsegula bokosi.

Apa ndi pamene anadzikola okha. Munthu wanzeru akanangoloza chithunzi n'kunena kuti, "Ng'ombe iyi, tambala uyu," basi. Koma pakhonde panali amayi odzaza, ndipo mkamwini amene wakhala chete zaka makumi atatu akapeza omumvera sadziwa polekera. Ng'ombe iliyonse anaipatsa dzina, mudzi ndi mlandu wake. Yoyamba inali Abiti Mwenye, imene inakana kukasamba kudibi la ku Mikolongwe poti madzi ake ngozizira. Yachiwiri inali mkazi mnzake wa Abiti Mwenye, ndipo ziwirizi sizinkalankhulana chifukwa cha nkhani ya mchere. Tambala anali wogona, ankalira dzuwa litatuluka kale n'kumanamizira chimfine. Mzungu wachipewa anamutcha Kapitao Tsekapakamwa. Panalinso nyimbo, yoimba ng'ombe pobwerera kukhola, ya mavesi ake ndithu.

Chapakati pa bukulo panali nkhumba. Che Bakali, munthu wosaphonya Lachisanu kumzikiti, anayesa kutsegula masamba awiri pamodzi, koma chala cha Shamsa chinalowa pakati.

"Ichi?"

Iwo anakhosomola. "Ameneyu ndi galu wa azungu. Anamumeta chifukwa cha nthata."

Nkhani yonse inatalika ngati kuphika nyemba zouma. Itatha, Shamsa anali chete, misozi itauma. Amayi anayamikira. Che Bakali anatseka buku monyadira. Mwana anaika dzanja pachikuto.

"Mbuje, yambanso."

Anayambanso. Pofika pa mkazi mnzake wa Abiti Mwenye anati mkangano unali wa madeya.

"Mchere," anatero Shamsa.

Kuyambira tsiku limenelo nkhani ija inauma ngati simenti. Zimene anapeka mongocheza zinasanduka lamulo, ndipo woweruza wake anali munthu wosadziwa n'komwe kudzipukuta mamina.

Pa sadaka ya arubaini, yotsekera maliro, kunabwera achemwali awo a Che Bakali, a Habiba, kuchokera ku Milepa. Anawakokera kuseri kwa nkhokwe. Kuseri kwa nkhokweyo kunali khoma la bafa lathu, ndipo udzu sutseka makutu.

"Achimwene, munda wa amayi uja wa kudambo ulipo. Ndakusungirani zaka zonsezi."

"Mwachita bwino, achemwali."

"Musathokoze msanga. Hamadi, mkamwini wanga, akuuyang'ana ngati mphaka pa usipa. Ana ake achuluka. Mukabwera n'kupanga mizere mvula isanagwe, ngwanu, palibe angatsegule pakamwa. Mukachedwa, ine sindingaletse munthu kulima nthaka yogona."

"Ndibwera. Angondisudzula."

Kwa amene sadziwa za kwathu: mkazi akamwalira, mkamwini sangonyamula bulangete n'kumapita. Akuchikazi amamukhazika pamphasa, kumuthokoza, kumupatsa kenakake m'manja, n'kumuuza kuti wamasuka. Ndiko kusudzula. Wochoka osasudzulidwa amatchedwa wothawa, ndipo sadzapondanso pamudzipo ndi nkhope yowongoka, kaya pa ukwati wa mdzukulu kaya pa maliro a mwana wake. Woyenera kuwasudzula Che Bakali anali Che Sabiti, mlongo wa malemu, mwinimbumba, bambo wamfupi wokonda kutafuna mawu asanawalavule.

Mbale za sadaka zisanaume, Che Bakali anapita kwa Che Sabiti.

"Alamu, mwambo watha. Mundisudzula liti?"

"Mukuthamangira chiyani, alamu? Ku Milepa kuli namwali akukudikirani?"

"Kuli munda."

"Munda suthawa."

"Kuno ku Chiradzulu umathawa."

Che Sabiti anaseka, nati akambirana ndi mbumba. Chimene sananene n'chakuti Zuwena anali atafika kale mamawa, atagwada, kudandaula kuti amalume, mukawamasula ababa, ine ku Limbe ndasiya, chifukwa mwanayu salola munthu wina. Ndipo tomato wa Zuwena ndi amene ankagula shuga wa tiyi wa Che Sabiti. Motero kukambirana ndi mbumba kunatenga mwezi, kenaka mwezi wina.

Tsiku la Che Bakali linkayenda chonchi. Zuwena akanyamula dengu kupita kumsewu, Shamsa ankatulukira atakumbatira buku, n'kukwera pamiyendo. Phala osadya mpaka Abiti Mwenye akane dibi. Kusamba osalola mpaka tambala anamizire chimfine. Masana, madzulo, chimodzimodzi. Ndowa za anthu zinaunjikana kuseri kwa nyumba zosakhomedwa. Amayi a pamudzi ataona kuti pakhondepo pali msasa waulere, anayamba kudutsirapo popita kumunda, n'kuiwalapo ana. Ena amati nanenso ndinkasiyapo wanga. Mwana ali ndi miyendo yake, ine sindingamuuze kopita.

Ukadutsa unkawapeza atazunguliridwa ndi timitu, mmodzi akuwakoka ndevu, wina atawanyowetsa kale thalauza. Mawu awo anafika pophwa ngati tayala. Nthawi zina ankagona pakati pa nkhani, maso otseka, mutu utagwera pachifuwa, koma pakamwa pakupitirira pokha. Nyimbo ya ng'ombe, imene tsiku loyamba anaiimba ndi mapewa, tsopano inkamveka ngati ya kumanda.

Sikuti sanayese kudzimasula. Poyamba anaganiza zophunzitsa Halidi, mwamuna wa Zuwena, mkamwini mnzawo. Anamukhazika pansi n'kumulongosolera ng'ombe iliyonse ngati akumupatsa malire a munda.

"Iyi ndi Abiti Mwenye. Usaiwale, madzi ngozizira."

"Ndamva, ababa. Koma pamenepa palembedwa zimenezo?"

"Palembedwa zimene ndakuuzazo."

Halidi anamuika mwana pamiyendo, nayamba bwinobwino. Koma mnyamatayo anali ndi changu cha anthu okwera njinga. Anafika pa galu wometedwa osadutsa kwa Kapitao Tsekapakamwa, nyimbo n'kuiimba ngati ya mpira. Shamsa anamuyang'ana nthawi yaitali, natseka buku chala cha bambo ake chili momwemo, n'kutsika.

"Mwanayu watengera kuchikazi," anatero Halidi akuyamwa chala.

"Onse amatengera kuchikazi. Ukhala uona."

Kenaka Che Bakali anayesa kuba masamba. Ankayamba bwino, mwana akayang'ana kumbali n'kudumpha awiri. "Wadumpha," ankatero Shamsa osatembenuka n'komwe, ndipo chilango chake chinali kuyambira pachikuto. Anazindikira kuti njira yachidule ndi imene inkatalika.

Dzuwa la Okutobala litayamba kuwotcha, anthu akutentha mapesi ndi kugalauza, kunabwera wogulitsa matemba wa njinga amene ankadzera ku Milepa. Anaima pakhonde osatsika.

"A Habiba akuti ndikuuzeni kuti Hamadi wanola khasu."

"Wanolera munda uti?"

"Sananene. Angoti wanola."

Tsiku lomwelo Che Bakali anabisa buku m'denga la khola la mbuzi. Shamsa atalifuna, anamuuza ndi nkhope yachisoni kuti mbuzi yadya. Mwanayo anapita kukhola, nayang'ana mbuzi m'maso, n'kuyamba kulira kuja kwa pamaliro. Phala anakana. Madzi ankamwa mochita kumukakamiza. Zuwena sanapite ku Limbe, tomato anayamba kuchita madzi m'dengu, ntchentche zinamva. Litafika tsiku lachitatu mwana maso atalowa, Zuwena anabwera kudzakhala pansi patsogolo pa bambo ake.

"Ababa, mbuzi ija singasanze?"

"Mbuzi sisanza."

"Iyiyi isanze, ababa. Amayi apita. Mukufuna uyunso?"

"Nanga ine munda wanga, mwanawe? Ndikafere pakhonde la eni?"

"Pano mpa eni? Ine ndine mwana wa ndani?"

Che Bakali anadzuka kupita kukhola. Buku linabwerako likununkha mbuzi, zimene zinathandiza kuti bodza lija lisagwe lonse. Shamsa analilandira osamwetulira, nakwera pamiyendo, nadya phala lonse Abiti Mwenye akukana dibi.

Che Bakali anapitanso kwa Che Sabiti.

"Alamu, mitambo yayamba kusonkhana ku Mulanje."

"Imeneyo ndi ya chizimalupsa, alamu. Yongozimitsa moto wa m'tchire."

"Ndisudzuleni lero. Ndizibwera kudzamuwerengera Loweruka."

"Mwana amadya Loweruka lokha?" Che Sabiti anatafuna mawu ena. "Inu mwatikhalira bwino pamudzi pano. Munthu wabwino sitimutaya msanga."

"Ndikanakhala woledzera mukanandimasula kale."

"Tsiku lomwelo," anavomera Che Sabiti.

Pali amuna ena amene akanangonyamuka mbandakucha, anthu n'kumanena zonena zawo. Che Bakali bokosi analimanga ndithu, chingwe n'kuchikoka mfundo ziwiri. Koma anali munthu amene moyo wake wonse sanalowepo m'nyumba ya mwini osaodira, ndipo kutuluka osatsazika kunawakanika chimodzimodzi. Bokosi linakhala pakhomo lomangamanga, ana n'kumalikwera.

Chizimalupsa chinagwa, chinapita. Kenaka inabwera yeniyeni, ya mabingu, yonunkhiritsa dothi. Mudzi wonse unathamangira kuminda ndi mbewu m'zitete, ndipo pakhonde la Che Bakali ana anachuluka kuposa kale, poti tsiku lobzala palibe amabereka mwana kumsana. Ndinawaona tsiku limenelo. Madzi ankatsika m'denga ngati mikanda, iwo buku lili m'manja, maso ali kum'mawa kumene kuli Milepa, pakamwa pakunena za mchere.

Chimene chinawamasula sichinali Che Sabiti, kapena Halidi, kapena nzeru zawo. Tsiku lina mu Disembala, chimanga chitamera kale, atangotsegula chikuto, Shamsa anawalanda buku.

"Iwe sudziwa," anatero.

Anatsika, nakakhala pamphasa pakati pa anzake, buku chadodolido, nayamba. Abiti Mwenye anakana dibi. Mkazi mnzake anakwiya za mchere. Pofika pa tambala, mwanayo anaima n'kukhosomola kawiri, kouma, chifukwa pamenepo ndi pamene mpweya unkawathera ambuye ake masiku onse, ndipo iye ankayesa kuti chifuwacho n'cholembedwa. Anamaliza ndi nyimbo, mawu ophwa ngati a nkhalamba. Anzake anati ayambenso, iye n'kuyambanso mosangalala, poti anali asanadziwe chimene akudziyambira.

Che Bakali anakhala manja ali pamaondo, opanda chogwira. Ndinkayesa aseka. Anangoti, "Mwanayu akudumpha vesi lachiwiri," koma palibe anawamva.

Zuwena anayesa masiku angapo, naona kuti mwana akudya yekha, akusamba ndi aliyense. Pamenepo mbumba inamaliza kukambirana mwamsanga modabwitsa. Anayala mphasa, anthu anasonkhana, Che Sabiti analankhula mawu okoma ambiri: kuti mkamwini uyu sanatukwanepo munthu, sanamenyepo mlongo wawo, ndowa za pamudzi ankakhoma ulere. Anawapatsa nkhuku yoyera ndi khasu latsopano.

"Khasuli mukanandipatsa mu Okutobala, alamu."

"Khasu siliola," anatero Che Sabiti.

Shamsa atauzidwa kuti atsazike ambuye ake, anakweza dzanja osachotsa maso pa galu wometedwa.

Za ku Milepa ndinazimva kwa wa matemba uja, amene anawanyamulira bokosi. Akuti Che Bakali sanafikire kunyumba, analunjika kudambo. Munda unali wobiriwira kuyambira kumtunda mpaka kumadzi, chimanga chofika m'maondo, nandolo ndi maungu pakati, mopalira bwino mopanda ndi kaudzu komwe. Hamadi anali momwemo. Atawaona anaika khasu pansi, navula chipewa, nagwada pamzere mwaulemu wonse.

"Takulandirani, amalume. Tinangoti nthaka isagone. Tikakolola tidzakambirana."

Che Bakali, amene anali atangochoka kumene pa kukambirana kwina, anangogwedeza mutu. Mkamwini amamudziwa mkamwini mnzake. Anafunsa kuti mbewuyo ndi yamakolo kapena ya kusitolo, nauzidwa, nayamikira mizere kuti njowongoka.

A Habiba sanawanyengerere.

"Ndinakuuzani, achimwene."

"Munandiuza."

"Ndiye munkatani miyezi yonseyi?"

"Ndinkaweta ng'ombe."

"Za ndani?"

"Za Mabunu."

A Habiba anaganiza kuti ukalamba wayamba, ndiye sanafunsenso. Anawapatsa kanyumba kakuseri kamene munkasungidwa mbatata. Kubwerera ku Njuli sikukanatheka: munthu wosudzulidwa amabwera ngati mlendo, ndipo nyumba ya malemu inali italowedwa kale ndi mdzukulu wa Che Sabiti, denga n'kufoleredwa latsopano. Ku Milepako chakudya ankawapatsa, sanagonepo ndi njala. Pobwezera, poti munda analibe, anthu akapita kukapalira ankawasiyira ana a Hamadi.

Chakumapeto kwa dzinja wa matemba anafikanso ndi kaphukusi ka m'nsalu. Zuwena ankapereka moni, ankati Shamsa masiku ano watanganidwa ndi masanje, buku lija likungodyedwa ndi chiswe, ndiye mwina kumeneko lingathandize. Che Bakali anayesa kulilowetsa pansi pa mphasa, koma ana a Hamadi anali ataliona kale. Anawakwera pamiyendo. Iwo anapuma mozama, natsegula.

"Ng'ombe," anatero. Anatembenuza tsamba. "Ng'ombe ina. Tambala. Mzungu. Ichi sitichidziwa. Latha."

Ana anayang'anana, natsika, napita kukagwira ziwala. Wa matemba akuti nkhalambayo inatsamira khoma n'kugona tulo tabwino, pakamwa pali potseka.

Atakolola anakambiranadi. Hamadi anabweretsa dengu la chimanga ndi maungu awiri, nagwadanso, nafotokoza kuti fetereza amene anathira mphamvu yake imakhala m'nthaka zaka ziwiri, ndiye kungakhale kuononga kuusiya pakati. Chaka chotsatira mkazi wake anali ndi pakati. Chinzake kunali chilala chija, ndipo pachilala munthu sulanda mnzako munda wa kudambo. Che Bakali ankamvetsera zonsezi akuvomera ndi mutu. Khasu la Che Sabiti anadzaligulitsa lisanalawe dothi, nagula malata akale, n'kuyambiranso kukhoma ndowa pansi pa mtengo wa mango, kumene anthu a ku Milepa amawatcha "aja a ku Njuli."

Mundawo akulimabe Hamadi. Amene anauona akuti umabereka bwino.